Chithunzi Chimene Anakana a Sibale

Kalabu ya alimi a chimanga ku Chisenga inali ndi mamembala makumi asanu mphambu anayi, koma woyankhula anali mmodzi: wapampando, a Wilson Sibale. Bambowa anagwirapo ntchito ya umesenjala pa Boma, ndiye ankadziyesa odziwa Chingerezi kuposa eni ake.

Chaka chimenecho bungwe lopereka mbewu linalamula kuti mayina azilembedwa pa kompyuta. Linatumiza mtsikana wa ku Zomba, dzina lake Thandi, kuti apange pulogalamu yake. Anafika ndi chikalata cha masamba makumi awiri chofotokoza zonse zimene pulogalamuyo idzachite. Anauza msonkhano kuti chikalata chotere chimazunguza mutu ngakhale ophunzira, ndipo anatambasula chipepala chachikulu patebulo.

"Adada, ndiloleni ndijambule," anatero. "Munthu apa, foni yake apa, thumba la mbewu apa. Aliyense aone ndi maso ake, polakwika aloze ndi chala."

A Sibale anaseka chapammero.

"Mwana wanga, zithunzi n'za ana a sitandade wanu. Ife tinanyamula mafailo iwe usanabadwe."

Mayi wina wamasiye, Dailesi Nakayuni, anadzutsa dzanja. Anati iye sukulu anangoiona khomo, choncho chithunzicho chimuthandiza. A Sibale anamuyankha kuti n'chifukwa chake anasankha wapampando, kuti wina aziwerenga ena azilima. Anthu anaseka, monga amasekera anthu amantha. Thandi anapemphanso kachiwiri, koma nayenso galimoto inkamudikira. Anapinda pepala lake. A Sibale ananyowetsa chala ndi malovu, natembenuza masamba onse mofulumira ngati akuwerenga makhadi, nasaina.

Patsamba lakhumi ndi chinayi panalembedwa kuti membala aliyense azidziwika ndi nambala ya foni, nambala imodzi munthu mmodzi. Kodi ku Chisenga ndani sadziwa kuti foni imodzi imadyetsa makomo asanu? Imagona kwa mwini wake, masana n'kukapachikidwa pamtengo pamene pamagwira netiweki, uthenga ukabwera woyandikira ndiye amakauza mnzake. Anthu anapereka manambala monga ankachitira masiku onse. Pulogalamu inasunga dzina loyamba pa nambala iliyonse, enawo inawataya osafunsa munthu.

Mitambo itayamba kuda pamwamba pa mapiri a Mafinga, lole inabwera ndi matumba khumi ndi asanu ndi anayi okha. Woyendetsa anawerenga mayina, anatsitsa katundu, natembenuza galimoto. Alimi makumi atatu ndi asanu anatsala ataima ndi njinga zopanda kanthu.

A Sibale anaimbira Thandi, akukalipa kuti kompyuta yaba mbewu. Iye anayankha mofatsa kuti makina achita zimene iwo anasainira. M'mawa mwake Thandi anatumiza pafoni chithunzi chimene anachikana chija: anthu asanu, mizere yawo yonse ikupita pa foni imodzi, anayi atawakhwatcha ndi chofiira. Foni inayenda m'manja mwa anthu mpaka inafika kwa Nakayuni. Anayang'ana kamphindi kochepa.

"Amene akhwatchidwa kumapetoyu ndine," anatero. "Izi ngakhale ine ndikanaziona tsiku lomwe lija, adada."

A Sibale anangoyang'ana nsapato zawo.

Kukonza mndandanda kunafuna makalata ndi masitampa a m'maofesi, ndipo mbewu yachiwiri inafika mu Febuluwale, chimanga cha anzawo chitafika m'chiuno. Nakayuni anali atabzala kale zotsalira za m'nkhokwe, zofumbwa ndi anankafumbwe. Munda unamera mwa apo ndi apo ngati mano a nkhalamba, ndipo ana ake awiri anasiya sukulu kukagwira maganyu kutsidya kwa malire.

Dzina la a Sibale linali loyamba pa foni yawo, ndiye thumba lawo analandira. Mpando akadali nawo mpaka lero, koma akaitana msonkhano pamabwera mbuzi zokha, ndipo pamaliro amakhala okha pabenchi. Phula lawo ndi lamanyazi, la Nakayuni ndi lanjala, koma phula ndi lomwelo. Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.