Ukwati Umene Unazungulira Phiri

Ana inu, mumamva akuluakulu akunena kuti mapanga awiri avumbwitsa, koma mukawafunsa kumene mawuwa anachokera amangokanda m'mutu. Funsani ine Kamphulusa. Ndinalipo. Ine si wa dzulo ayi. Phiri la Nthumba mukulionalo ndinalidziwa likadali chulu, ndinkalilumpha popita kokakama ng'ombe.

Masiku amenewo ngolo m'dera lonse inali yanga yokha. Zoikoka zinali ng'ombe ziwiri, Bulaki ndi Sitimela, zazikulu moti mbalame ikanyamuka pa nyanga iyi inkafika pa nyanga inayo itatopa.

Tsono kumadzulo kwa phiri kunali mtsikana dzina lake Ezelesi. Anamufunsira mnyamata wa kutali, Layitoni, amene anali atalembetsa kale ulendo wa kumigodi ku Joni. Galimoto yomutenga inali yoti inyamuke m'mawa mwa tsiku lotsatira ukwatiwo. Apa mumvetse bwino. Ukwati sumangidwa ndi ng'oma kapena nyama. Umamangika ankhoswe a mbali zonse akakumana maso ndi maso, akuchimuna n'kupereka tambala, akuchikazi n'kupereka msoti. Zikanalephereka tsiku limenelo, Layitoni akanapita choncho, Ezelesi n'kutsala mbeta yodikira munthu amene sanaikwatire.

Mvula inali pafupi, ndipo maholo kunalibe. Anthu akaopa mitambo ankachitira phwando m'phanga. Phirili lili ndi mapanga awiri, lina kum'mawa pafupi ndi msewu, lina kumadzulo pafupi ndi mudzi wa mtsikana. Ankhoswe anakhala pansi kuti asankhe.

A Chimtengo, atsibweni a Ezelesi, anayamba: "Asewere, nkhalamba zathu mawondo anatha. Phanga la kumadzulo lili pakhomo penipeni."

A Mtambalika, nkhoswe ya mnyamata, anapukusa mutu. "Asewere, anthu anga akubwera pa lole, ndipo lole imathera pamsewu. Mukufuna amayi atsike ndi fumbi kumaso, asenzenso ng'oma kuzungulira phiri?"

Anakangana mpaka malovu kuuma. Pamenepo a Ndasauka, bambo ake a mtsikana, munthu amene chibadwire sanakanepo kanthu, anati: "Tiyeni tisese onse awiri. Tsikulo likafika tidzaona koyenera. Ngolo ya Kamphulusa ilipo."

Onse anawomba m'manja. Aliyense anapita kwawo akudziwa kuti wapambana ndi iye.

Njira zozungulira phirilo zinali ziwiri. Ya kumunsi, yotakata, yodzera kudambo, ndiyo inali ya ngolo. Ya kumtunda inali yachidule, ya mbuzi ndi anthu a miyendo yolimba. Woyenda kumunsi sangaone woyenda kumtunda.

Tsiku linafika. Akuchimuna anatsika lole n'kulowa m'phanga la kum'mawa ndi mkwati wawo, ng'oma ndi nyama ya mbuzi. Ife tinali kumadzulo ndi mkwatibwi, thobwa ndi mpunga. Uku nyama yopanda mpunga, uko ovina opanda ng'oma. Aliyense maso kunjira. Kutuma munthu kukafunsa palibe anafuna, poopa kuti zioneka ngati kukalipira asewere.

Dzuwa litafika paliwombo, a Chimtengo manyazi anawagwira. "Anthu achoka kutali, ife takhala pakhomo ngati mafumu. Kamphulusa, manga ng'ombe! Tiwatsatire."

Ndinakweza mudzi wonse m'ngolo. Nkhalamba zokha zinali zochuluka moti ndinaziyala m'mizere ngati matumba a chimanga. Tinadzera kumunsi. Titayandikira phanga la kum'mawa amayi anayamba nthungululu, koma m'katimo tinangopeza nyama ili lende pamtengo, ndi dalaivala wa lole akusinza.

"Anthu ali kuti?" anafunsa a Chimtengo.

"Apita kwanu," anatero dalaivala. "A Mtambalika ati si ulemu kuyendetsa nkhalamba. Adzera kumtunda."

"Bwerera, Kamphulusa!"

Tinabwerera. Kumadzulo tinapeza amayi osunga thobwa atagwira m'chiuno. "Mwasemphana nawo! Afika, amva kuti mwawatsatira, abwerera chothamanga."

Mutu unayamba kutizungulira tonse. Ng'oma zawo zinkamveka, koma phiri linkabweza mawu: ukatchera khutu uku zili kutsogolo, ukatembenuka zili kumbuyo. Nkhalamba ina, Nasoko, inandikoka malaya.

"Kamphulusa, kodi takwatitsa kale?"

"Sitinayambe, mayi."

"Nanga nthungululu ndaimba ija inali ya chiyani? Kapena tikupita kumaliro?"

Ezelesi analankhula chapansipansi. "Atsibweni, bwanji tingodikira pano? Akatisowa uko abweranso."

"Kudikira?" anatero a Chimtengo. "Alendo azungulirenso phiri ife tili khale? Adzati ndife anthu a mtundu wanji? Kamphulusa, tembenuza!"

Ndinamva pambuyo pake kuti tsidya linalo Layitoni ananenanso chimodzimodzi, a Mtambalika n'kumuyankha chimodzimodzi. Ulemu wa anthu awiri aja unali ngati matenda. Tinazungulira phiri lija mpaka linachita chizungulire, ndipo mukaliyang'ana bwino muona kuti linapendekeka mpaka lero. Ng'ombe zanga zinayamba kutembenuka zokha ndisanazilamule.

Ulendo wina tili pakati penipeni pa dambo, kutali ndi phanga ili, kutali ndi phanga ilo, kumwamba kunada bii. Kenaka mvula inangoti khuthu! Ana inu simunaone mvula. Dontho limodzi linali ngati dzungu. Ine ndinapisa dzanja m'thumba la kabudula n'kutulutsamo mlamba wamoyo. Ngolo inatitimira m'matope mateyala osaoneka. Pamalopo panalibe ngakhale kamtengo koti nkhuku n'kubisalapo.

Tili choncho, tinaona anthu akutsetsereka kuchokera kumtunda, ena chamatako, ng'oma zikugubuduka patsogolo pawo. Anali akuchimuna. Kamtsinje kouma kanadzaza n'kuwatsekera njira yawo, ndiye anatsikira kudambo. Mvula ndiyo inatikumanitsa.

Muganiza zinathera pomwepo? A Mtambalika anagwira jekete la a Chimtengo. "Asewere, talakwa ndife. Tiyeni kwanu kumadzulo."

"Iyayi asewere, olakwa ndife. Tiyeni kwanu kum'mawa."

"Ndakana! Nkhalamba zanu!"

"Ndakana ndine! Alendo anu!"

Uyu kukokera uku, uyo kukokera uko. Anthu ena anayamba kuthamangira kum'mawa, ena kumadzulo, ena kuthamanga pang'ono n'kubwerera. A Ndasauka anafunsidwa maganizo, iwo n'kuyankha kuti onse awiri akunena zoona. Kunja kunali kutayamba kuda.

Ezelesi anatsika m'ngolo. Diresi lake loyera linali litasanduka la mtundu wa chulu. Anapita pakati pa ankhoswe aja n'kugwada m'matope momwemo.

"Atsibweni, pepani kuti ndikulankhula pamaso pa akuluakulu. Msoti uli kuti?"

"Uli m'dengu, mwanangu. Tikafika kuphanga..."

"Phanga liti, atsibweni?"

A Chimtengo anatsegula pakamwa, mvula n'kulowamo.

Mtsikana anatembenukira kwa a Mtambalika. "Bambo, tambala muli naye?"

"Ali m'khwapamu."

"Galimoto ya ku Joni sidzazungulira phiri kutifunafuna. Apa mwakumana. Ine pano sindidzukapo."

Layitoni anabwera n'kugwada pambali pake. Amuna awiri akuluakulu aja anayang'anizana, madzi akutsika m'ndevu. A Mtambalika anatulutsa tambala, wonyowa ngati chisanza. A Chimtengo anatulutsa msoti wonjenjemera. Anapatsana pomwepo, pamtetete.

"Tsopano imbani, mayi!" ndinauza Nasoko.

"Ukunena zoona ulendo uno?"

Nthungululu imene anaimba inamveka mpaka ku Joni, moti Layitoni atafika kumeneko anapeza anthu akumufunira mafuno abwino. Ngolo ndinaizula ndekha ndi dzanja limodzi, linalo nditagwira chipewa. Kutacha mnyamata anakwera galimoto ali mwamuna wa mwini, Ezelesi akumuperekeza ngati mkazi wake pamaso pa anthu onse.

Koma tsiku la ukwatilo pobwerera, ndikufinya malaya, ndinayang'ana phiri. Uku phanga losesedwa bwino, louma gwaa. Uko phanga linanso, louma gwaa. Pakati khamu la anthu lili chuchuchu ngati mbewa zotuluka m'madzi. Ndiye ndinati: "Abale, mapanga awiri avumbwitsa." Mawu aja anathamanga kuposa njinga. Lero aphunzitsi amawalemba pa bolodi, koma palibe anabwera kudzandithokoza.

Tanthauzo lake nali. Tikanakhala ndi phanga limodzi, ngakhale lakutali, ngakhale lodontha, tonse tikanadziwa kolowera, ndipo lole, ngolo ndi miyendo zikanaloza kumodzi. Tinavumbwa chifukwa pothawira panachuluka, wosankha n'kusowa. Munthu wosunga zinthu ziwiri poopa kutaya chimodzi, kapena wofuna kukondweretsa uyu ndi uyo yemwe, tsoka limamupeza ali pakati, osafika uku osafika uko. Inu mukadzakula, kaya ndi malo a ukwati, kaya ndi ntchito, kaya ndi munthu womanga naye banja, sankhani chimodzi kunja kukadali kowala, ndipo muuze anthu momveka kumene mwasankha. Wina adzanyinyirika, inde. Koma adzanyinyirika ali pouma.