Nsomba Yachikasu ya a Malekano

Kalekale, koma osati kale la makolo ayi, kale la dzanadzanali, ku Limbe kunali mkulu wina dzina lake a Malekano. Tsiku lina m'mawa ali phee pampando wawo pabalaza, anaona nsomba yawo ikudzikhula pamwala. Inapita, n'kubwerera, n'kudzikhulanso. Diso lake limodzi linali litachita nkhungu, ndipo inkapuma mothamanga.

Nsombayi sinali chambo kapena mlamba. Inali ya m'nyanja yamchere, yachikasu ngati papaya lakupsa, ndipo inkakhala m'thanki yagalasi. A Malekano anabwera nayo kuchokera ku Nacala nthawi imene ankagwira ntchito m'sitima. Akazi awo, a Nangondo, ndi amene ankaisamala: ankadziwa kasakanizidwe ka mchere wake wapadera, ndipo ankaiyankhula ngati mwana, pakuti mwana weniweni Mulungu sanawapatse. A Nangondo atamwalira, matenda anawagwetsa a Malekano. Mbali imodzi ya thupi inafa, lilime n'kulemera. Chamoyo chokha chimene chinatsala cha akazi awo chinali nsombayo.

M'nyumbamo munali anyamata atatu, ana a mlongo wawo: Lufeyo, Benisoni ndi Mofati. Anabwera ati kudzasamala malume awo, koma chimene ankasamala kwenikweni ndi mbale zawo. Akakhuta, ankayeza zipinda ndi maso.

A Malekano anaitanitsa mkulu wa mpingo kuti akhale mboni, ndipo anakoka mawu amodziamodzi: "Amene achiritse nsomba iyi, nyumba ino ndi yake."

Anyamata amene ankaiwala ngakhale kuiponyera chakudya anaikonda nsombayo tsiku lomwelo.

Lufeyo, wamkulu, anaphunzirako za nsomba kukoleji asanathamangitsidwe. Anangoyang'ana kamodzi n'kudziwa. "Tizilombo tamamatira pakhungu, ngati nsabwe," anadziuza yekha motsitsa. Ankadziwanso mankhwala ake: nsomba ya m'nyanja yamchere ukaiviika kanthawi kochepa m'madzi opanda mchere, tizilombo timafa n'kuyoyoka, kenako uyenera kuiika m'madzi amchere atsopano, kutali ndi thanki imene muli mazira a tizilomboto. Anathira madzi m'beseni n'kuwasiya agone, kuti fungo la mankhwala a pampopi lithe ndiponso asazizire kuposa a m'thanki. Anasakaniza madzi amchere mu ndowa, mwa muyezo wake. Atatero anakankhira zonse kuseri kwa chitseko. Kuchiritsa nsomba yongodzikanda kulibe ulemu. Iye ankafuna iyambe yagona chagada, mkulu wa mpingo alipo, kuti aukitse wakufa anthu akuona. Choncho m'mawa mwake anapita kukasewera bawo, nsomba ikubanika.

Benisoni, wachiwiri, sankadziwa kanthu kupatula chimodzi: nsomba ya m'nyanja yamchere imafa m'madzi wamba. Ankadziwanso kuti mkulu wake apambana. Masana a tsikulo anasuzumira pabalaza, n'kuona malume awo atatsinzina. Munthu wakufa ziwalo ankamuona ngati kabati. "Ndikasowa ine, tisowe tonse," anatero. Anapeza beseni lija kuseri kwa chitseko, akuyesa ndi madzi okolopera. Anavuula nsomba ndi kaukonde n'kuiponyamo, chubwi! Kenako anatuluka akuimba mluzu wa nyimbo ya kwaya.

A Malekano sanali m'tulo. Anafuna kukuwa, koma lilime lolemera lija linawakaniza. Dzanja lamoyo linagwira mpando mpaka mitsempha kutuluka. Ankamva nsomba ya a Nangondo ikuphupha m'beseni, kenako n'kuchita zii.

Pasanapite nthawi analowa Mofati, wamng'ono, amene zala zake sizinkadutsa chinthu chopanda mwini pafupi. Iye za nyumba analibe nazo chiyembekezo, koma anali atapangana ndi mwini malo ena ogona alendo amene ankasirira nsomba yachikasuyo. Atapeza thanki ilibe kanthu anatukwana, poganiza kuti wina wayamba kumubera. Kenako anamva kanthu kakuti pha! kuseri kwa chitseko. Nsomba inali itagona cham'mbali m'beseni. Pafupi panali ndowa. Anaviika chala, n'kulawa, n'kumva mchere. Anainyamula msanga nsomba ija n'kuiikamo, n'kusololanso kapaipi kopopera mpweya m'thanki kuti akaike mu ndowamo, pakuti katundu wakufa sagulika. Zonse anakazibisa m'chipinda chake, kudikira wogula. Wogulayo sanabwere.

Kutacha, mkulu wa mpingo anafika kudzazonda odwala, n'kupeza thanki ili mbee. Anyamata onse atatu anali chilili, aliyense atavala nkhope ya maliro. A Malekano anakweza dzanja lamoyo n'kuloza chipinda cha Mofati. Ndowa itabwera, nsomba inali ikuzungulira mwakachetechete. Sinkapumanso mothamanga, ndipo ataiponyera chakudya inadya. Mkulu wa mpingo anakokanso beseni lija kuseri kwa chitseko, ndipo pansi pake panali titinthu toyera, ngati chitowe chotayika.

"Ndi tizilombo tija!" anakuwa Lufeyo. "Malume, ndinazindikira matenda ndine. Madzi onsewa anakonza ndani? Akanakhala ongotungidwa kumene pampopi, bwenzi pano tikuikazinga."

"Unakonza n'kupita kubawo," anatero Benisoni. "Dokotala wanji woika mankhwala kuseri kwa chitseko? Amene anaiviika ndine. Ine!"

"Unaiviika kapena unaimiza?" anaseka Mofati. "Achimwene, inu mwayamba liti kuchiritsa? Ngakhale chipere chanu chinakukanikani. Ndikanachedwa pang'ono, bwenzi mutachiritsa mtembo."

"Nanga iwe, chipatala chako chili kunsi kwa bedi?" anabweza Benisoni.

Mkulu wa mpingo anawaletsa, n'kutembenukira kwa mwini nyumba. A Malekano anawayang'ana mmodzimmodzi, monga munthu amayang'anira chimene waponda. Anayankhula movutikira, koma aliyense anamva.

"Ndinaona zonse. Uyu anadziwa, n'kukhala chete. Uyu anafuna kupha. Uyu anaba."

Palibe anatsutsa. Palibenso anachita manyazi.

"Koma yachira, malume," anatero Benisoni. "Munati woichiritsa. Za mtima simunatchule."

Zinali zoona, ndipo mboni inali pomwepo. A Malekano moyo wawo wonse anali asanabwezepo mawu. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo apa makoswe anali atatu pamkhate umodzi. Nyumbayo kuigawa sikukanatheka, chifukwa lonjezo linali la munthu mmodzi. Mkulu wa mpingo anati abweranso Loweruka kudzamva dzina. Anyamata anapita kukamwa tiyi, ndipo a Malekano anatsala pampando wawo, ndowa ili pamapazi.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, athandizeni a Malekano. Popanda nzeru za Lufeyo, madziwo akanaipha. Popanda nkhanza za Benisoni, ikanafa ikudikira tsiku la ulemu wa Lufeyo. Popanda umbava wa Mofati, ikanafera m'beseni. Kodi makiyi apatsidwe kwa wodziwa amene anaisiya ivutike, kwa wakupha amene anachiritsa mwangozi, kapena kwa wakuba amene anaipulumutsa kuti akaigulitse?