Chikhomo Choyamba cha Mphunzitsi wa Masamu

Abale anga, kudera lina kumapiri kunali mphunzitsi wa masamu. Ankakonda masamu akalekale aja a mizere ndi ngodya. Anzake akapita ku bawo, iye ankakhoma chikhomo pabwalo, kumangapo chingwe, n'kumajambula zozungulira ndi makona atatu padothi. Ankati masamu amenewa amanola mutu, ndipo sankanama. Pokambirana, mfundo yake yachiwiri inkabadwa mwa yoyamba, yachitatu mwa yachiwiri, mpaka wotsutsana naye kusowa polowera. Ana asukulu ankawauza kuti asamavomere kanthu kopanda umboni.

Ndiye mwana wake wamkazi anamwalira mwadzidzidzi. Abale anasonkhana, koma mlongo wake, amene anakwatiwa kutsidya kwa mtsinje, sanaoneke. Pasiwa wina ananong'ona kuti m'bale wosafika pamaliro amakhala kuti akudziwapo kanthu. Munthu wofuna umboni pa chilichonse uja mawu awa anangowameza osatafuna, poti mtima unali wosweka.

Tsiku lometa anaimirira pamaso pa anthu. "Wosafika pamaliro a m'bale wake ndiye wapha," anatero. "Achemwali sanafike. Choncho achemwali ndiwo andiphera mwana." Mzere wake unali wowongoka bwino, ndipo palibe anatha kuukhotetsa.

Patapita masiku kunabwera mwamuna wa mlongo uja. "Alamu, achemwali anu ali chigonere. Miyendo inafa sabata ya maliro ija. Akungotchula dzina lanu."

"Umenewo ndi umboni wina," anayankha mphunzitsi. "Chikumbumtima chikuwadya."

Mukuona? Chilichonse chatsopano ankachimangirira pa chikhomo chomwe chija. Sanawoloke mtsinje. Mlongo wake anamwalira, uthenga unafika, iye anakhalabe pakhomo.

Ataika maliro, mlamu uja anabweranso, maso ali ofiira. Anakana mpando.

"Alamu, kwathu anthu akuti ndinu mwapha mlongo wanu, poti simunafike. Ine ndawatsutsa, koma akuti mfundoyi anaimva kwa inu."

Mphunzitsi anakhala pansi. Anabwereza mfundo zake imodziimodzi, kufuna imene inathyoka, koma zonse zinali zolumikizana bwino. Iye ankadziwa kuti sanaphe munthu. Ngati iye sanafike koma sanaphe, ndiye kuti mfundo yoyamba ija inali yabodza. Ngati inali yabodza, mlongo wake anali wosalakwa. Nzeru zake zomwe zija zinamufikitsa pa choonadi, koma woti amupepese anali kale m'manda. Analira ngati mwana.

Abale, ine nkhaniyi imandipweteka, chifukwa munthuyu sanali chitsiru. Nzeru ndi mphatso ya Mulungu. Phunzirani, nolani mitu yanu, ana anu aphunzire masamu amenewa. Koma chingwe chimangozungulira pamene mwakhoma chikhomo. Mukachikhoma pa mphekesera, pa mkwiyo, kapena pa chisoni chimene simunachitule kwa Ambuye, mudzalingalira molondola mpaka kutayika, ndipo mutu wakuthwa udzakutayitsani msanga kuposa wobuntha.

Alipo wina pano amene anaweruza kale m'bale wake, ndipo umboni ali nawo wokwanira. Musawerengenso umboniwo. Bwererani ku mawu oyamba amene munawameza, muwaike pamaso pa Mulungu, mufunse ngati ali oona. Ndipo woloka mtsinje, m'bale wanga, pamene wakutsidyayo akadali kutchula dzina lako.