Hutala ya a Tsuboi

Mu holo yoyesera magalimoto munkakhala zii, ndipo pansi pake pankawala moti ukanatha kugonekapo khanda. Pakati panaima galimoto yatsopano ya zitseko zinayi, yopita kukagulitsidwa m'mayiko makumi anayi. A Tsuboi, mkulu wa mainjiniya, anathera zaka zinayi pa galimoto imeneyi. Inali yawo yomaliza asanapume pa ntchito, ndipo ankafuna kuti dzina lawo litsalire pomwepo.

Chinali chinthu chogometsa, tisanamizane. Anayamba kuiumba ndi dongo, amisiri akuisalaza ndi zikhatho. Anaigoneka m'chipinda chozizira mpaka inauma gwa, koma atangopotokola kiyi inalira. Anaiwamba ndi nyale zotentha kuposa dzuwa, anaivumbitsira mvula yopanga okha, mkati osalowa ndi dontho lomwe. Makina anatsegula ndi kutseka chitseko chake kwa miyezi iwiri, icho n'kumangoti phu, mwaulemu. Anthu asanu anakalambira pa kamvekedwe ka chitseko kokhako.

Tsiku lina kunabwera mlendo, a Amartey, wogulitsa magalimoto ku Accra. Anamwa tiyi, anaisisita galimoto, anakhala pa chiwongolero n'kupukusa mutu.

"Koma abale inu mumatha! Mpando uwu ukuposa bedi langa."

Kenako anadinikiza hutala. Piii! Holo yonse inadzidzimuka, wina mpaka anagwetsa cholembera. Kuno kudziko la a Tsuboi munthu amatha chaka chathunthu osaliza hutala, chifukwa kutero n'kutukwana msewu wonse.

"Kamawu kamanyazi ngati mkwatibwi," anatero a Amartey. "Mwakayesa kangati, akulu?"

"Maulendo zikwi makumi asanu," a Tsuboi anayankha. "Galimoto idzatha, hutala ili yatsopano."

Mlendo anaseka mpaka kugwira nthiti. "Kwathu zimenezo sizifika Khirisimasi!"

A Tsuboi anawerama bwinobwino. "Tiiganizira nkhaniyi." Mawu amenewa, monga tonse tidziwa kuno, amatanthauza kuti ayi.

Mlendo atatuluka, mayi Hatsue, amene ankayang'anira zamagetsi, anatsata a Tsuboi. "Bwana, bwanji timufunse bwinobwino? Munthu saseka chonchija popanda chifukwa."

"Mayi, ndifunse wogulitsa? Ine ndinayamba ntchito ino iye akuyamwa. Manambala ali apa."

"Manambalawo ndi a msewu wathu, bwana."

"Msewu ndi msewu."

Sitima zinanyamula magalimoto. Makalata oyamikira anabwera kuchokera kumayiko achisanu ndi kuzipululu komwe. Koma mwezi wachisanu ndi chimodzi kunafika bokosi lochokera ku Accra, lodzaza ndi mahutala akufa. Linabwera lachiwiri, lachitatu. Pamwamba pa lachinayi panali kakalata: "Akulu, kuno galimoto yanu aipatsa dzina. Akuti Bubu, kutanthauza wosayankhula. Anthu asiya kuifunsa."

Mayi aliyense amadziwa kuti kabudula wa mwana amang'ambika pamene mwanayo amakhalira, osati pamene telala ankaganizira. A Tsuboi anafunika ndege kuti akaphunzire zimenezi.

M'mawa wina a Amartey anawaimika pamphambano yaikulu ya mu Accra, kamakina kowerengera kali m'manja. A Tsuboi anadina, anadina, chala chinatopa ola lisanathe. Kenako anasiya n'kuyamba kumvetsera, kukamwa kuli yasa. Silinali phokoso wamba. Kuliza kawiri mofupikitsa kunali moni. Kamodzi, ndikudutsa. Katatu, kwera tizipita. Motalikitsa, iwe ukufuna kufa? Magalimoto mazanamazana ankalukana ngati ulusi, osagundana, onse akuyankhulana. Zaka makumi atatu akupanga magalimoto, sankadziwa kuti galimoto ili ndi pakamwa.

Ndiye inatulukira yawo ija, yokongola kuposa zonse, ikuyandama ngati siikugunda pansi. Kutsogolo kwake mayi wina wobereka mwana, beseni la buledi lili pamutu, anaponda mumsewu osacheuka. Dalaivala anamenya chiwongolero. Zii. Anatulutsa mkono pawindo n'kuyamba kuwomba chitseko ndi chikhatho, pha! pha! pha! Mayi uja analumphira kumbuyo, buledi anamwazika, galimoto inamupitirira pafupi moti mphepo yake inamukupizira nsalu.

A Tsuboi anayang'ana chitsekocho, chija cha anthu asanu. Chinali chitaphwanyika kale pakati, pomwe chikhatho chinkagwera tsiku ndi tsiku.

"Onse amatero," anatero a Amartey. "Chitseko munapanga cholimba, akulu. Chimamveka patali."

A Tsuboi sanaseke. Anavula chipewa, nawerama pakati pa fumbi ndi anthu, motalika kuposa mmene anaweramirapo kwa bwana aliyense.

"Achimwene, ndiuzeni. Kangati pa tsiku?"

"Ehe! Funso limeneli likanabwera ndi tiyi uja, bwenzi mutapulumutsa mabokosi anayi. Tiyeni tikwere takisi, muwerenge nokha."

A Tsuboi anachedwetsa kupuma kwawo ndi chaka, iwo ndi mayi Hatsue akusula hutala yopirira maulendo miliyoni. Imodzi yakufa ija anaiika pa tebulo lawo, ndipo injiniya aliyense wobwera ndi manambala ake ankayamba waigwira kaye. Galimoto inapirira chisanu, moto ndi mvula, koma inagwa ndi funso limodzi limene mwini wake analinyoza. Paja akuluakulu anati safunsa adadya phula.