Theka la Njinga

Mu ofesi yosamalira ophunzira pa yunivesite ina munali bambo wina amene anzake ankamutcha kuti Katswiri. Dzinali ankalikonda, osadziwa kuti enawo ankalitchula akutsinzinirana diso. Nzeru zokha anali nazo, tisamunamizire. Chomwe chinkamuvuta ndi makutu.

Chaka chimenecho anapatsidwa ntchito yokonza masewera olandirira ophunzira atsopano, poti ambiri ankatha sabata yoyamba ali kakasi ngati nkhuku yachilendo. Katswiri anasindikiza zithunzi za nsomba, njinga, maambulera ndi zina, chilichonse n'kuchidula pakati. Wophunzira aliyense ankalandira theka pachipata, ndipo ntchito yake inali yofunafuna mwini theka linalo. Awiriwo akakumana, ankapita kuholo kukalandira ndagi yowalozera kulaibulale, yakulaibulale n'kuwalozera kuchipatala, mpaka atadziwa ngodya zonse ali ndi bwenzi pambali. Lamulo linali limodzi: popanda chithunzi chathunthu, palibe ndagi.

Mayi wopereka uphungu, amene ankakhala naye ofesi imodzi, anayang'ana mulu wa zidutswazo pa tebulo.

"Zakongola, akulu. Koma nanga mwini theka linalo akapanda kubwera?"

"Ndani angakane malo pa yunivesite? Mayi, izi ndaziganizira mpaka mutu kuwawa. Inu dikirani anthu olira, masewera ndisiyireni."

Mayiwo anangoti chabwino, n'kubwerera pampando wawo.

Masewera anayambadi mokoma. M'makonde munali phokoso, wina akufuula kuti, "Mchira wa nsomba uli kuti?" wina akuthamanga ndi chigwiriro cha ambulera. Katswiri ankayenda manja ali kumbuyo, phewa lili m'mwamba.

Pakati pa atsopanowo panali mwana wa mlongo wake, mtsikana wofatsa, woyamba kufika pa yunivesite m'nyumba ya mayi ake. Iye analandira theka lakumbuyo la njinga. Anafunsa m'chipinda chogona, anafunsa pamzere wa chakudya, anafunsa ngakhale anyamata amene ankaopa kuwayang'ana kumaso. Mwini gudumu lakutsogolo sanabwere n'komwe. Anzake onse ankayenda awiriawiri, akuseka nthabwala za ndagi zimene iye sanazione. Kuholo anamubweza mwaulemu, poti lamulo linali lamulo. Kukadandaula kwa amalume ake sakanatha, chifukwa ankawamva akudzitama ndi masewerawo pamaso pa anthu.

Sabata isanathe, foni ya Katswiri inalira. Anali mlongo wake.

"Achimwene, mwana uja mwamutani? Akuti akubwerera mawa. Akuti kumeneko si kwa anthu ngati ife."

Katswiri anadzambatuka pampando. Anathamangira kunyumba zogona atsikana, ndipo anapeza chikwama chili chomangamanga pabedi, bulangete litapindidwa pamwamba, mtsikanayo atakhala pambali.

"Iwe, bwanji osandiuza?"

"Ndikanati chiyani, amalume? Aliyense ali ndi mnzake. Ndinaona ngati ndine ndekha wopusa."

"Ndipatse tsiku la lero lokha. Chikwamachi usachinyamule."

Anabwerera kuofesi phewa lija litagwa. Mayi a uphungu anamumvetsera mpaka kumaliza, ndipo sananene kuti ndinakuuzani, ngakhale pakamwa pankawayabwa. Anangotulutsa guluu m'kabati.

"Itanani onse amene atsala ndi theka. Muona."

Katswiri ankayembekezera anthu awiri kapena atatu. Koma madzulowo mabenchi akutsogolo m'holo anadzaza. Ena anali oti anafika pa yunivesite mochedwa zithunzi zitatha, ena eni theka linalo sanabwere, ndipo aliyense ankaganiza kuti tsokalo ndi lake yekha. Katswiri anaima patsogolo pawo n'kupepesa, chinthu chimene anzake a muofesi anali asanachimvepo. Kenako analengeza lamulo latsopano: theka lililonse likhoza kulumikizidwa ndi lina lililonse, ndipo wopanda chithunzi ajambule chake.

Mtsikana wina wamtali, wolankhula ngati wailesi, anatambasula dzanja kwa mwana wa mlongo wa Katswiri uja.

"Asisi, ine ndili ndi mutu wa nsomba. Tiipatse gudumu lanulo, nayonso iyendeko pamsewu."

Holo yonse inafa nacho chiseko, ndipo wofatsa uja anaseka mpaka kupukuta misozi. Anamata nsomba yawo ya gudumu, analandira ndagi yoyamba, n'kutuluka akukangana za njira ya kulaibulale.

M'mawa mwake Katswiri anadutsa kunyumba zogona zija mtima uli m'mwamba. Anapeza bulangete litayalidwa pabedi, chikwama chili pansi pake chopanda kanthu. Anapumira m'mwamba, n'kuimbira mlongo wake kuti asakadikire munthu pokwerera basi.

Masewera aja anali okongola ndithu, ngati nyumba ya makoma owongoka bwino, koma mwini wake atakana kumva mnzake anaiwala kusiyira wochedwa ndi wotsala yekha polowera. Akuluakulu sananame: ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.