Mchira wa Buluzi ndi Nyumba ya Mayi Nungu

Kale, mvula isanaphunzire kunama, madzi osefukira anagumula una wa Mayi Nungu, mayi wamasiye wa ana ang'onoang'ono. Anansi awo, a Chiswe, a Gogomole ndi a Tchete, anapangana zowamangira nyumba dzinja lisanafikenso. A Chiswe, osakonda zolankhula, anatenga zipupa. A Gogomole, mbalame yaphuma yogogoda mitengo, anatenga chitseko, ndipo a Tchete, odzitama ndi kuluka kwawo, anatenga denga.

"Nanga tiziyezera chiyani?" anafunsa a Gogomole.

"Mchira wanga ulipo," anatero Buluzi, amene ankafuna kutchulidwa pa chilichonse. "Ndi wowongoka kuposa bango."

Onse anavomera, n'kubalalika: a Chiswe pamalo omangapo, a Gogomole kunkhalango, a Tchete kudambo. Buluzi ankayendera aliyense pa tsiku lake. A Chiswe anayeza koyamba, mchira uli wautali, wonyezimira bwino.

Buluzi ali pa ulendo wa kunkhalango, Kabawi anatsika kumwamba kuti psuu! Buluzi anapulumuka, koma mchira unapita ndi zikhadabo. A Gogomole, ndi phuma lawo lija, sanayang'ane n'komwe. "Gonani apo, alamu, nthawi ikutha!" Anayeza ndi kachitsa kotsalako. Pofika kwa a Tchete, mchira unali utaphukira theka, ndipo iwonso anayeza ndi umenewo.

Tsiku lolumikiza linafika mitambo itada bii. Chitseko chinaima pakhomo lalikululo ngati dzino limodzi m'kamwa mwa ng'ona. Denga nalo, atangolikweza, linagwera m'kati kuti khu, fumbi mpaka kumwezi.

"Achimwene, chimenechi ndi chitseko kapena chivundikiro cha botolo?" anaseka a Tchete.

"Inu ndiye muzilankhula? Tinati denga, mwatibweretsera dengu!" anabweza a Gogomole.

"Ine ndinayeza ndi mchira wa Buluzi," anatero a Chiswe motsitsa mawu.

"Nanenso!"

"Iii, nanenso womwewo!"

Onse anatembenukira kwa Buluzi, amene anali atabisa kumbuyo kwake m'masamba. "Mchira ndi womwewu, akuluakulu," anatero. "Kungoti masiku ano ukumasinthasintha maganizo."

Bingu linagunda kuphiri, ana a Nungu n'kukanirira m'miyendo ya mayi awo. Koma Mayi Nungu sanakalipe. "Waulesi pano palibe," anatero. "Aliyense wandigwirira ntchito ndi mtima wonse. Kungoti mchira wa Lolemba si mchira wa Lachisanu." Atatero anazula munga umodzi pamsana pawo.

"Tipatseni aliyense wake, tifulumire!" anatero a Gogomole.

"Ayi bambo, minga yanga siyofanana. Tingabwererenso ku za mchira."

Munga uja anaubaya pamtengo wa mkuyu, poonekera. Wofuna kuyeza azibwera pomwepo, adule bango lofanana ndi mungawo, ndiye azipita ku ntchito yake. Atangodula mabango, a Chiswe anatsokomola pang'ono. "Pepani mayi, inu mukakwiya mumafufuma. Ndi muyeso uwu, khomo lidzakukanani."

Mayi Nungu anaseka mpaka minga kuchita phokoso. Anazula munga uja pamkuyu, n'kubayapo wina wautaliko. Onse atatu anathyola mabango akale, kudula atsopano, ndipo palibe amene anatsalira ndi muyeso woyamba uja.

"Ndiye ine ntchito yandithera?" anafunsa Buluzi, misozi ili lengelenge.

"Miyendo yanu siduka, bambo," anatero Mayi Nungu. "Munga ukadzasinthanso, inu ndi amene muzithamanga kukauza onse."

Anagwira ntchito mwakuti thukuta la a Chiswe linadzaza kamtsinje, achule n'kusamukiramo. Denga linakhala pazipupa ngati linamerera pomwepo. Chitseko chinatsekeka kuti gwa, dontho loyamba la mvula likugwera pamphuno pa a Gogomole.

Mvula inagwa yoti n'kukokolola chulu, koma m'nyumbamo simunalowe ngakhale kadontho. Mayi Nungu anagwada pakati pa alendo awo, ana ali pambali, n'kuwomba m'manja. "Zikomo a Chiswe, zikomo a Gogomole, zikomo a Tchete. Ana anga agona pouma chifukwa cha inu. Nanunso a Buluzi, zikomo, mwatiphunzitsa ndi mchira wanu womwe."

Buluzi atamva kuti amutchula kuti "a Buluzi", anakwera chipupa ndi chimwemwe. Mpaka lero sanatsike. Mukamuona akuyendayenda pansi pa denga lanu, musamuthamangitse, akuona ngati zinalumikizana bwino.

Phunziro: Mukamanga chinthu chimodzi muli ambiri, muyeso ukhale umodzi, pamalo amodzi pomwe aliyense akutengapo. Ukafunika kusintha, sinthani pomwepo, ndipo onse amve.