Mkulu Amene Ankalonjera Nthaka

Panali munthu wina, dalaivala wa minibasi mumzinda wina waukulu. Amayi ake anali atatsogola kale. Bambo ake, munthu wokalamba, ankakhala okha m'kanyumba ka m'mphepete mwa msewu wolowera m'tauni, ndipo msewu umenewo ndi womwe mwana wawoyo ankayendamo tsiku ndi tsiku.

Msewuwo unali wozunza. M'mawa galimoto zinkathithikana, kutsogolo kosapitika, kumbuyo kosabwereka, utsi uli tolotolo, makondakitala akulalatirana. Dalaivala uja ankadana nawo ndi mtima wake wonse. Koma malo amene mzere unkaima nthawi yaitali anali pakhomo penipeni pa bambo ake. Ndiye m'mawa uliwonse ankatulutsa mutu pawindo n'kukuwa, "Mwadzuka bwanji, bambo?" Mkulu uja ankayankha ali pakhonde, kenaka n'kuyamba kufotokoza za mwendo wawo, za nkhuku yomwe yaswa, za mvula yomwe ikuchedwa. Apaulendo ena ankang'ung'udza, ena ankaseka. Mwanayo sankaona ngati akuchita chinthu chachikulu. Kwa iye kunali kungotayitsa nthawi podikira kuti mzere usunthe.

Patapita zaka, akuluakulu a mzindawo anatopa nako kuthithikana kuja, n'kuganiza zokumba msewu wina pansi pa nthaka. Chinabwera chimakina choboola, chinalowa pansi kumapeto kwa mzinda, n'kukatulukira pakati pa tauni. Mkatimo anawakamo bwinobwino, n'kuikamo nyali zoyaka usana ndi usiku. Munalibe fumbi, munalibe matope, munalibe mbuzi yodutsa kapena wakabaza wokhota mosayang'ana. Munkayenda galimoto zamagetsi zokhazokha, chifukwa ya dizilo mutailowetsa m'dzenje lotero anthu angatsamwe ndi utsi. Munthu ankatsika masitepe, kukwera galimoto, asanakhazikike n'komwe wafika kale. Ulendo womwe unkadya m'mawa wonse tsopano unkatha ngati kupita kubafa.

Akuluakulu aja ankafuna madalaivala, ndipo munthu wathu uja anamulemba. Anakondwa zedi. Tsiku lomwe analandira yunifomu anaivala n'kupita kukaonetsa bambo ake.

Mkulu uja anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kufunsa, "Nanga msewu wakowo ukudutsa pati?"

"Ukutsata wakalewu, bambo, kungoti uli pansi. Pano pabwalo panu ndizidutsa pansi pake penipeni."

Mkulu anaseka mpaka kutsokomola. "Ine ndinabereka munthu, lero wandisandukira mfuko. Chabwino, pita. Uziyenda bwino m'menemo."

Tsono mvetsani bwino apa, musamuweruze msanga munthuyu. Sanadane nawo bambo ake. Sanayambe kunyada. Mtima wake unali womwe uja wakale. Chimene chinasintha ndi msewu basi. Pansi paja panalibe poima, panalibenso chotulutsira mutu pawindo, popeza kunja kunali khoma lokhalokha. Polowera panali kutali ndi nyumba ya mkulu uja, potulukira kutalinso. Foni pansipo siinkagwira. Akaweruka madzulo, ankadziwa kuti bambo ake amagona limodzi ndi nkhuku, ndiye ankati, ndiwaimbira mawa. Loweruka likafika ankati, ndatopa, ndipita Loweruka linalo. Shuga ndi sopo ankatumiza ndithu, wakabaza n'kukasiya pakhomo. Ndipo mumtima ankadzitonthoza kuti, ine ndiye sindili kutali nawo, ndimadutsa pakhomo pawo kangapo pa tsiku.

Mvula inagwa, inakata, chimanga chinauma m'minda, iye osaponda pakhonde paja.

Tsiku lina potuluka pantchito anapeza mayi wina akumudikirira pamwamba pa masitepe. Anali a Nangondo, oyandikana nyumba ndi bambo ake, mayi wosadziwa kuzungulira akamalankhula.

"Achimwene, ndabwera chifukwa cha bambo anu," anatero. "Thupi ali bwino, koma anthu akuti mutu wasokonekera. M'mawa uliwonse amavula nsapato, kukhala pabwalo, n'kumalankhula ndi nthaka. Ena akuti akucheza ndi akufa. Ena ayamba kunena zoposa pamenepo, ndipo ana akuopa kudutsa pakhomo pawo. Inu mukudziwa zimene anthu amachita ndi nkhalamba akangoyamba kuinong'oneza."

Munthu uja ankadziwadi. Anachita mantha, anachitanso manyazi, ndipo mantha ndi manyazi zikakumana munthu amafulumira kugamula. Anaganiza kuti m'mawa mwake akawatenge bambo ake, atseke kanyumba kaja, akawasiye kumudzi kwa achibale, kutali ndi pakamwa pa anthu. Ankadziwa kuti mkuluyo sangafune kusiya nyumba yomwe anamanga ndi mkazi wake, koma anati, munthu wodwala mutu safunsidwa.

Kutacha anapempha tchuthi, natenga chikwama chachikulu choti alongedzeremo zovala za mkulu uja. Anakwera minibasi, kuyenda msewu wakale uja ngati mlendo. Atatsika sanalowe pakhomo msanga. Anaima kuseri kwa mpanda wa maluwa, kuti aone kaye ndi maso ake.

Chitseko chinatseguka. Mkulu anatuluka pang'onopang'ono, akukoka mwendo, kampando kali m'manja. Anali ataonda, ndipo mwanayo mtima unamupweteka poona mmene malaya ankalendewera m'mapewa. Mkuluyo anaika kampando pakati pa bwalo, nakhala. Anavula nsapato, naziika pambali moyandikana bwino. Kenaka anaponda pansi ndi mapazi onse awiri, nawerama pang'ono.

"Wadzuka bwanji, mwanawe?" anatero mkulu uja. "Ine ndadzuka, mwendo wokhawu. Mphamba watenganso mwanapiye dzulo. Shuga uja ndalandira, zikomo. Uziyenda bwino m'menemo, usathamange, wanyamula ana a eni."

Atatero anapendeketsa mutu, monga amachitira munthu amene wapereka moni ndipo akudikira yankho.

Galu wamkota sakandira pachabe. Kuseri kwa mpanda kuja munthu wathu anamvetsa zonse nthawi imodzi. Panalibe misala, panalibe mizimu. Wakufa amene anthu ankanena uja anali iyeyo, wamoyo, wa yunifomu, wodutsa pansi pa mapazi a bambo ake m'galimoto yopanda phokoso. Misozi inalengeza. Akanatha kubwerera mwakachetechete, n'kukabwera madzulo atakonza mawu abwino odzikhululukira. Akanathanso kulowa ndi chikwama chake n'kuchita zimene anabwerera. Koma moni unali utaperekedwa, ndipo unali ukudikira mwini wake.

Anayankha ali kuseri kwa mpanda komweko. "Ndadzuka bwino, bambo. Kaya inu."

Mkulu uja anayang'anitsitsa pansi, pakati pa mapazi ake. Kenaka ananena motsitsa, "Lero wayankha."

"Ndili kuno, bambo. Kumbuyo kwanu."

Mkulu uja anatembenuka, namuona mwana wawo akulowa pachipata. Sanadzuke, sanakalipe. Nkhope yokha ndiyo inamasuka, makwinya onse n'kuyamba kuseka. Mwanayo anaponya chikwama pakhonde, nakhala pansi padothi pafupi ndi kampando, thalauza lake labwino lomwelo.

"Bambo, kodi mumandimva ndikamadutsa?"

"Ndikumve bwanji? Galimoto zakozo zimayenda ngati mphaka. Nsapatozi ndimangovula kuti mwina tsiku lina mapazi angamve kanthu. Koma unandiuza wekha kuti umadutsa pansi pano. Mwana wanga azidutsa pakhomo panga, ine osamupatsa moni?"

"Anthu akuti mukulankhula ndi akufa."

Mkulu anapukusa mutu, akumwetulira. "Akufa bola. Amayi ako amabwerako kumaloto."

Mawu amenewo sanawanene mwaukali, koma analowa. Munthu wamkulu, wandevu zake, analira ngati mwana, mutu uli pabondo la bambo ake, ndipo mkuluyo ankangomusisita m'mutu n'kumati, "Basi, basi, anthu angaganize kuti ndafa."

Kumudzi sanawapititse. Ntchito sanasiyenso, chifukwa msewu wapansi uja unalibe mlandu, unkathandiza anthu ambiri. Chimene anachita n'chakuti anayamba kulawirira. Asanatsikire pansi, ankayamba wadzera pamwamba, kuyenda wapansi m'fumbi lomwe ankadana nalo lija, kukakhala pakhonde, kumva za mwendo ndi za nkhuku mpaka mkulu atamaliza. A Nangondo ndi anzawo ataona kuti mkuluyo tsopano akulankhula ndi munthu wooneka ndi maso, manong'onong'o aja anatha okha.

Abale anga, ine sindikunyoza njira zachangu. Ndimazikonda, inunso mumazikonda, ndipo Mulungu adalitse amene amazikumba. Koma pali zabwino zina zimene tinkachita chifukwa choti njira inkatichedwetsa. Tinkapatuka chifukwa dzuwa latentha, tinkacheza chifukwa basi yachedwa, tinkaona odwala chifukwa nyumba yawo inali panjira. Sitinkadziwa kuti anthu ena ankakhalira moyo timphindi timeneto. Lero njira yafupika, ndipo palibenso chotiimitsa. Chimene kale chinkachitika chokha, tsopano chikufuna kuti munthu achite kuchikonzera, adzuke msanga, atuluke, apite.

Ndiye dzifunseni mmene mwakhaliramu. Ndani amene mumadutsa pafupi naye tsiku lililonse, n'kumadzinamiza kuti kudutsa ndi kufika? Mwina ndi amayi anu, mwina ndi mlongo wanu, mwina ndi munthu amene mumagona naye nyumba imodzi. Shuga mumatumiza, sindikukana. Koma alipo amene akukupatsani moni m'mawa uliwonse inu osamva. Pitani mukamuyankhe akadali pamwamba. Tsiku likubwera pamene iye adzakhale pansi, ndipo wolankhula ndi nthaka mudzakhala inu.